Achemwali afunsa ngati asiye ntchito ya boma n'kulowa pulojekiti, koma nkhani yandithawa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena, dzina sinditchula, amagwira ntchito ya akawunti mu ofesi ina ya boma. Akuti pulojekiti ina ya ma donor yawaitana, malipiro ake kuwirikiza katatu pa omwe akulandira pano, kontirakiti ya zaka zitatu. Ndiye akufunsa kuti apite kapena akhale, kenako kumapeto awonjezera kuti, "kodi zija mumakonda kulemba zoti thandizo lakunja likufoola maofesi athu n'zoona? Ndikapita ndiye kuti nanenso ndikuthandiza kufoola?"

Achemwali, mwandigwira pachilonda. Imelo yanuyi ndaiwerenga kangapo, ndipo ulendo woyamba ndinangotseka foni n'kupita kukathirira mpiru kuseri, chifukwa funso limeneli ine ndinadzifunsapo mu 2008 ndipo yankho lomwe ndinadzipatsa nthawi imeneyo linali la m'mimba, osati la m'mutu. Ndinapita. Nyumba yomwe ndikulembera izi ndinamanga ndi ndalama za mapulojekiti, malata ake ambiri ndi a ma alawansi, ndiye musayembekeze kuti ndikulankhulani ngati mngelo.

Ndinayamba ntchito mu 2005 ku khonsolo ya boma lina kumwera kuno, ofesi ya zachuma. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, kompyuta imodzi yomwe inkatenga nthawi yokwanira kumwa tiyi kuti iyake, mabuku a malisiti ataunjikana pansi pomwe denga silinkadontha. Magetsi akazima basi ntchito yatha, tinkatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumadikira. Mapepala akatha tinkatembenuza mafomu akale n'kumalemba kuseri. Tsono mu kolido yomweyo, masitepe khumi okha kuchoka pa chitseko chathu, munali chitseko china chopaka utoto woyera chokhala ndi chikwangwani cha ma logo atatu. Mkatimo munali jenereta yawoyawo, intaneti, makina a fotokope, firiji ya madzi ozizira, panja ma Land Cruiser awiri oyera. Nyumba imodzi, denga limodzi, anthu omwe timawatumikira ndi omwewo, koma ngati mayiko awiri. Tikafuna fotokope tinkagogoda mwaulemu ngati tikukapempha mchere kwa aneba, ndipo mtsikana wa pa desiki ankatiwerengera mapepala.

Koma chomwe ndikufuna muone si firiji ayi. Ndi zomwe zinandichitikira tsiku lina pa msika. Munthu wathu wodula matikiti anadwala ndiye ananditumiza ine kuti ndikathandize kutolera ndalama za msika, tindalama tochepa tija aliyense wogulitsa amapereka pa tsiku. Ndafika pa mayi wina wogulitsa usipa, ndang'amba tikiti, mayi uja osatambasula dzanja. Anangondiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Achimwene, chimbudzi chija chinadzadza mwezi wa Febuluwale. Ndalama zathuzi mukupita nazo kuti?" Ndisanayankhe anzake atatu aima kale, wina akuloza mulu wa zinyalala, wina akuti shedi munalonjeza chaka chatha, mpaka wa tomato anafika ponena kuti mawa tonse sitipereka tione ngati mutimange. Ndinabwerera ku ofesi thukuta kamukamu, ndinakawauza abwana, ndipo pasanathe masabata awiri thirakitala inapezeka, zinyalala zinachoka, chimbudzi anakumba china. Khonsolo yomwe inkati ilibe ndalama. Inazipeza chifukwa amayi a usipa anagwira pomwe pamapweteka.

Chaka chomwecho pulojekiti ya kuseri kwa chitseko choyera ija inkagwiritsa ntchito ndalama zoti ndalama za msika wonse wa chaka chathunthu zinali ngati za maswiti. Palibe mayi ngakhale mmodzi amene anabwera kudzafunsa kuti mukupita nazo kuti. Angafunse bwanji, si zake. Zamphatso sufunsa mtengo, umangowomba m'manja.

Mu 2008 ndinawoloka kolido ija. Sindinasamuke boma, sindinasinthe ngakhale njira yopitira kuntchito, ndinangosintha chitseko. Pa anthu asanu ndi mmodzi aja, pofika 2010 anayi tinali titachoka, ndipo omwe anachoka ndi omwe ankadziwa kuyendetsa kompyuta ija ndi kutseka mabuku pakutha pa mwezi. Anatsala bambo wina wodikira penshoni ndi mnyamata yemwe anali atangoyamba. Ndiye chodabwitsa, pulojekiti yomwe inatitenga ija cholinga chake china chinali "kulimbikitsa luso la khonsolo pa kayendetsedwe ka chuma". Ine ndemwe, nditavala shati ya logo, ndinkapita kukaphunzitsa anthu awiri otsala aja mmene angatsekere mabuku, ntchito yomwe ndikanangokhala pampando wanga ndikanaigwira ndekha. Ndipo ndinkalandira alawansi pophunzitsapo. Mpaka lero ndikaganiza ndimaseka ndekha koma kuseka kwake kowawa.

Chomwe chinasintha mwa ine si thumba lokha. Ndinasintha munthu womuopa. Ku khonsolo ndinkaopa abwana, makhansala akakhalapo (paja kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, zisankho zake zimangoimitsidwa, imeneyo ndi nkhani ina), ndi amayi a pa msika aja. Ku pulojekiti ndinkaopa imelo. Lipoti la miyezi itatu iliyonse, fomu yake yosiyana ndi ya donor wina, chaka chawo cha ndalama chosiyana ndi cha boma, wina akufuna mu madola wina mu mapaundi wina mu ma euro, ndipo tinkagona mu ofesi kuti lisiti la mabotolo a madzi a pa wekishopu ligwirizane ndi siginecha za anthu. Lisiti la madzi linkasamalidwa kuposa mjigo womwe tinakumba. Mjigo ukafa patatha miyezi isanu ndi itatu palibe fomu yomwe inkafunsa, koma lisiti likasowa odita akuchokera ku likulu.

Alendo akamabwera kudzayendera ndiye kunali zisudzo. Tinkadziwa mwezi wathunthu zisanachitike. Mudzi wosankhidwa unali womwewo nthawi zonse, wapafupi ndi tala kuti alendo asatope ndi mabampu, mipando yobwereka ku tchalitchi, amayi ovala zitenje zofanana akuimba nyimbo yoika dzina la pulojekiti, amfumu atawauziratu zoti anene ndi zoti asanene. Tsiku lina agogo ena omwe sanali pa pulogalamu anaimirira n'kuyamba kufotokoza kuti iwo chomwe akufuna ndi mlatho osati makalabu a nkhuku, womasulira anangomwetulira n'kuuza alendo kuti agogo akuthokoza kwambiri. Ine ndinali pomwepo, ndinamva zilankhulo zonse ziwiri, ndinakhala chete ngati ndamwa phala lamoto.

Ndiye poyankha funso lanu lachiwiri lija, poyamba ndimafuna ndinene mofatsa kuti zimatengera, pali uku ndi uku. Koma ndikamalemba ndikupsa mtima, ndiye ndingonena mmene ndikuonera. Ndalama iliyonse imaphunzitsa ofesi munthu woti izimuopa. Ya msonkho imaphunzitsa boma kuopa wokhoma msonkho, ya thandizo imaliphunzitsa kuopa wopereka thandizo. Nkhani yonse yagona pamenepo. Dziko lomwe kwa zaka zambiri pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yake inkachokera kunja, nduna ya zachuma ikamadzuka m'mawa nkhope yoyamba kuiganizira si ya mlimi wa ku Ntchisi, ndi ya timu yomwe ikutera pa Kamuzu International Airport Lolemba ndi malaputopu. Sikuti ndunayo ndi yoipa mtima. Inunso mutakhala pampandopo mungatero.

Ndipo musandiyambitse za mawekishopu. Aliyense wa ku Lilongwe akudziwa chifukwa chomwe Mponela inamera malo ogona ndi maholo ngati bowa, pomwe ku Lilongwe komweko maholo ali mbwee. Ukatuluka mu mzinda alawansi imakwera, basi. Salima, Mangochi, Liwonde, chimodzimodzi. Munthu wa boma yemwe malipiro ake satha sabata ziwiri, ukamuuza kuti kuli wekishopu ya masiku atatu yomwe alawansi yake ikuposa theka la malipiro ake, ukuganiza kuti fayilo ya pa desiki yake aigwira? Ndinaonapo bwana wina akusaina maregista a mawekishopu awiri tsiku limodzi, m'mawa uku masana uko. Anthu akabwera ku ofesi kudzafuna siginecha yankho ndi lija mumalidziwa, "abwana ali ku field". Chizolowezi chimenechi sichinagwe kumwamba, chinaphunzitsidwa, ndipo aphunzitsi ake ena tinali ife ndi ma envulopu athu a khaki. Pano ngakhale kumudzi ukaitana msonkhano wokonza mjigo wawo womwe funso loyamba ndi lakuti kuli kanganyase? Makolo athu ankaumba njerwa za sukulu popanda ngakhale Fanta.

Ena mwa inu ndinu ana, mwina mukuona ngati zinayamba dzana. Malawi inatenga ngongole yoyamba ya zosintha kayendetsedwe ka chuma ku World Bank mu 1981, nthawi ya Kamuzu, ndipo ngongole zimenezo zinkabwera ndi mndandanda wa zochita. Chimodzi mwa izo chinali ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo misika yake inali paliponse, mlimi ankadziwa kuti chimanga, mtedza, thonje akagulitsa pati ndipo njala ikavuta akagula pati. Sindikuiyeretsa ayi, ADMARC inkagula motchipa kwa alimi ang'onoang'ono phindu n'kumapita ku ma esiteti ndi makampani a akuluakulu, zimenezo n'zoona ndipo ofuna kusintha anali ndi mfundo. Koma mu 1987 atatsegula msika kuti mavenda azigula mbewu, misika ina ya ADMARC n'kutsekedwa, ankaganiza kuti amalonda adzadza malo onse. Venda amapita pomwe pali msewu. Kumudzi kwa agogo anga komwe galimoto imafika chilimwe chokha kunabwera munthu mmodzi ndi sikelo yake yokayikitsa, mtengo n'kumanena yekha. Anagwetsa khola lakale lothyokathyoka asanamange latsopano, mbuzi n'kugona panja.

Za njala ya 2001 ndi 2002 ndiye ndimazikumbuka ndi thupi. Nkhokwe ya dziko inali ndi chimanga choposa matani 160,000, a IMF, bungwe lakunja lobwereketsa ndalama ku maboma, analangiza kuti ichepetsedwe kufika cha m'ma 60,000 kuti bungwe losunga chimanga, NFRA, libweze ngongole. Anthu athu sanachepetse, anagulitsa pafupifupi chonse, ndipo china chinathera m'manja mwa anthu odziwika omwe anadzachigulitsa mokwera njala itafika. Mpaka lero anthu amakangana kuti wolakwa ndani, a IMF amati ife sitinati mugulitse chonse, a boma la nthawiyo ankati munatiuza ndinu. Ine ndimati onse awiri, koma taonani chinthu chimodzi, pa zokambirana zonsezo za nkhokwe ya dziko munthu yemwe anadzadya madeya ndi zitsa za nthochi sanafunsidwe, ngakhale aphungu ake ambiri anamvera pa wailesi ngati ife tomwe.

Bingu atabwera anayambitsa makuponi a feteleza mu 2005 ma donor ambiri akukana, chimanga chinachuluka, dziko lonse linamuwombera m'manja mpaka kunja. Anthu amakonda kuitchula nkhaniyi ngati umboni woti tikanawakana kalekale. Pang'ono n'zoona. Koma Bingu yemweyo mu Epulo 2011 anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yomwe inatuluka yomunena kuti sakufuna kudzudzulidwa, thandizo la bajeti linaima, kunabwera bajeti ija ankaitcha zero deficit, yoti boma liziyendera ndalama zake zokha, misonkho pa chilichonse, ndalama zakunja kusowa, tinkagona pa filling station ndi zigubu, pa 20 ndi 21 Julaye anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, mayi Joyce Banda mwezi wotsatira anagwetsa kwacha kuchoka cha pa K168 kufika K250 pa dola, ma donor anabwerera, mafuta anapezeka. Chomwe ndinaphunzira chaka chimenecho n'choti kutukwana mwini ndalama ulibe nkhokwe yako si ufulu, ndi phokoso chabe.

Ndiye pali 1992, yomwe imandisokoneza nthawi zonse ndikafuna kuwada ma donor ndi mtima wonse. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma la Kamuzu mu Malichi, ma donor anakumana ku Paris mu Meyi n'kuimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi zadzidzidzi mpaka ufulu wa anthu ulemekezedwe. Pa 14 Juni 1993 tinavota riferendamu yosankha ulamuliro wa zipani zambiri. Chingwe chomwecho chomwe ndikudandaula kuti chimakoka boma lathu ndi chomwe chinathandiza kukoka Kamuzu. Ndiye ndikamati boma lizimvera ife osati iwo, ndimakumbukanso kuti panali nthawi yomwe boma silinkamvera aliyense ndipo kulankhula kunali kukagona ku ndende ya Mikuyu.

Cashgate ndiye inamaliza zonse. Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma anawomberedwa pa geti la nyumba yake, kenako tinayamba kumva za makalaliki opezeka ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto. Anthu ankalowa mu IFMIS, makina olipirira a boma, n'kulemba macheke ku makampani omwe sanagulitse kanthu, ndalama zikatuluka n'kufufuta. Ma odita a Baker Tilly omwe Britain inalipira anapeza zoposa K13 biliyoni pa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ma donor anatseka thandizo lolowa mu bajeti, ndipo ndani angawanene, inunso simungapitirize kuthira madzi mu ndowa yobooka. Koma ndalamazo sizinabwerere kwawo zonse, zambiri zinangosintha njira, m'malo modutsa ku Capital Hill zinayamba kudutsa m'mabungwe ndi mapulojekiti. Kwa ife a mashati a logo zinali zaka zokolola, ndikuuzani zoona, ine khitchini ndi mpanda ndinamanga nthawi imeneyo. Koma ganizani, ndowa yabooka, m'malo moimata mwagula ndowa zina makumi asanu iliyonse ndi mwini wake, dalaivala wake, akawuntanti wake, ndipo akawuntantiyo mwamutenga kwa omwe akanamata ndowa ija. Mankhwala ena anali atayamba kale kuyenda njira yawoyawo yosadutsa ku nkhokwe ya mankhwala ya boma chifukwa kumeneko ankabedwa. Odwala anapindula, sindikana. Koma njira ya boma ija ndani ankaikonza pomwe aliyense wanzeru akuthawira ku njira ya pambali? Mu 2005 ku Paris mayiko olemera ndi osauka anasainirana kuti thandizo lizidutsa m'njira za boma ndipo timaofesi tapambali ngati kathu kaja tichepe. Ine ndinalowa kaofesi kotero patatha zaka zitatu chisainireni.

Zabwino zilipo, ndisakunamizeni

Ndaika kamutu apa chifukwa ndaona kuti ndalemba ngati munthu wolusa. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, kenako za America kudzera mu PEPFAR. Amene munakula m'ma 90 mukudziwa mmene Loweruka lililonse linkathera ku manda, mashopu a mabokosi ali mndandanda mu msewu. Achibale anga awiri ali moyo lero, akulera zidzukulu, chifukwa cha ndalama za okhoma msonkho a mayiko omwe sanawaonepo. Munthu woti thandizo lonse ndi poizoni akanene zimenezo pamaso pawo. Ngongole zambiri zinakhululukidwa mu 2006. Ndipo mabungwe ena omwe timawadalira anabadwa ndi dzanja la ma donor, ACB yolimbana ndi ziphuphu inachokera pa lamulo la 1995, MRA yotolera misonkho inayamba ntchito mu 2000 ataphatikiza nthambi ya kasitomu ndi ya msonkho wa malipiro, nzeru yomwe inayenda mayiko ambiri nthawi imeneyo, Uganda 1991, Zambia 1994, Kenya 1995, Tanzania 1996. Taonani kusiyana kwake, MRA boma limaisamala chifukwa imabweretsa ndalama, ACB imakhalira kulira bajeti chaka ndi chaka chifukwa imaluma eni bajeti. Mlendo atha kubwera ndi kalumo kakuthwa, koma woti amete nako ndi mwini mutu.

Botswana ndi yomwe imandichititsa manyazi. Polandira ufulu mu 1966 inali m'gulu la mayiko osaukitsitsa padziko, bajeti yake inkadalira Britain, misewu ya tala inali yowerengeka. Analandira thandizo lambiri ndithu. Koma iwo anali ndi pulani ya chitukuko ya dziko yodutsa ku nyumba ya malamulo, unduna umodzi woona za chuma ndi mapulani, ndipo donor akabwera ankamuonetsa pulaniyo kuti sankhani pomwe mungathandize apa, zomwe mulibemo ayi zikomo. Akatswiri akunja ankakhala m'maofesi a boma pansi pa mabwana a boma, osati kuseri kwa chitseko choyera. Mudzati anali ndi diamondi, inde anaipeza ku Orapa mu 1967, koma diamondi ali nayonso ena omwe lero ali pa moto. Ndiye sindinganene kuti thandizo limapha paliponse. Limakulitsa chomwe lapeza. Likapeza nyumba ya maziko limaonjezera chipinda, likapeza ya ming'alu limamanga chisakasa pambali anthu n'kusamukira m'chisakasamo, nyumba ija mvula n'kumaigwetsa pang'onopang'ono.

Ndipo chisakasa chili ndi tsiku lake. Pulojekiti yathu ija inatha mu 2012. Panali mwambo wopereka katundu ku khonsolo, ma speech, Fanta, zithunzi, njinga zamoto khumi ndi ziwiri zitandandalikidwa pabwalo atazimanga maliboni, makompyuta, jenereta ija. Palibe anafunsa kuti mafuta a njingazi achokera mu gawo liti la bajeti, matayala agula ndani, chifukwa bajeti ya khonsolo sinkadziwa n'komwe kuti kuli njinga. Ndinadutsako patatha zaka zitatu pa ulendo wa pulojekiti ina, ndinapeza zisanu ndi ziwiri zili kuseri kwa ofesi matayala aphwa, udzu utamera m'masipoko, nkhuku ikuikira mazira pansi pa imodzi. Chikwangwani cha ma logo atatu chija anachisandutsa chitseko cha bafa la mlonda. Mu ofesi ya zachuma munali nkhope zatsopano zokhazokha, ndipo mnyamata wina anandifunsa mwaulemu ngati kwathuko kuli mwayi wa ntchito.

Zomwezo zachitika pa dziko lonse posachedwapa. Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, masiku ochepa IMF isanavomereze pulogalamu ya ndalama pafupifupi madola 175 miliyoni, tonse tinamva kuwawa pa shuga, sopo ndi feteleza, koma pulogalamuyo inafera panjira mu Meyi 2025 titangolandira gawo loyamba. Ululu tinaumva wonse, ndalama zake sitinazione zonse. Januwale 2025 Trump atangolowa anaimitsa thandizo la America lodzera ku bungwe la USAID, m'masabata ochepa anthu ambirimbiri a zaumoyo ndi a mapulojekiti anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo m'pamene ambiri anazindikira kuti anthu ena omwe ankawaona m'zipatala za boma tsiku ndi tsiku sankalipidwa ndi boma. Chisankho cha anthu a ku Ohio ndi Pennsylvania ku America chikutseka ntchito ku Nsanje, ndipo wa ku Nsanje alibe phungu woti akamudandaulire za izo. Mwina, mwina, kuchepa kwa thandizoku kutikakamiza kuti boma liyambe kuopa amayi a usipa, chifukwa kulibenso kwina kotenga. Koma ndikuopanso kuti m'malo mwake lingothamangira kukongola m'mabanki a m'dziko momwemuno pa chiwongoladzanja chokwera, zomwe likuchita kale, mabanki n'kumalengeza phindu la mabiliyoni wabizinesi wamng'ono akusowa pokongola. Imeneyo ndidzalemba tsiku lina, ndatalikitsa kale.

Tsono achemwali, za inu. Ayi, simukupha dziko mukapita, dziko silinaikidwe pa mapewa a akawuntanti mmodzi yemwe ali ndi lendi ndi fizi ya ana, ndipo aliyense wokuuzani kuti mukhale chifukwa chokonda dziko muyambe mwamufunsa kuti iye amalandira zingati. Koma musanasaine chitani masamu a zaka khumi osati zitatu. Funsani kaye ku ofesi yoona za antchito ngati mungatenge tchuthi chosalipidwa kapena kubwerekedwa ku pulojekitiyo m'malo mosiyiratu, kuti zaka zanu za penshoni zisapite m'madzi, ine sindinafunse ndipo ndimadandaula. Werengani kontirakiti pomwe akunena za kuthetsa ntchito ndalama zikaima, notisi ndi ya masiku angati, gratuity, ndalama ya potha kontirakiti, ilipo kapena ayi, ndipo funsani kuti ndalama za zaka zitatuzo zasainidwa zonse kapena chaka choyamba chokha. Mukapita muzikhala ngati mukulandirabe malipiro akale kuphatikiza pang'ono, zotsalazo puloti, osati galimoto ya ngongole. Ndipo musanachoke mukhale pansi ndi amene akutsala, mwezi wathunthu ngati n'kotheka, mumuonetse mmene mumatsekera mabuku, mapasiwedi, mafayilo omwe ali m'mutu mwanu mokha. Ine ndinangosiya makiyi pa tebulo Lachisanu, Lolemba n'kulowa chitseko chinacho.

Mundilembere mukasankha. Ndipo ngati pulojekiti yakeyo ili ndi mawu oti "kulimbikitsa luso" m'dzina lake, mundiuzenso kuti akukutengani mu ofesi yomwe akufuna kuilimbikitsayo kapena ina.